Ng'oma Imene Ndinakana Kuimba ku Chilwa

"Amayi akuti si imeneyi," anatero mwana wa achemwali anga.

Ndinali nditagwada pamoto wa njedza zouma, ndikuwamba ng'oma. Ndinadzutsa mutu. Iye anali ataima patsogolo panga, thupi lonse atalipaka dothi loyera, ukonde wakale wa matemba uli paphewa.

"Amayi ako adziwa bwanji kuti si imeneyi?"

"Ndinawatsegulira dzulo. Zimene tinajambula zija ndinawaikira pa laputopu. Anaseka mpaka misozi. Akuti imeneyi ndi ya pamowa."

"Unawatsegulira."

"Eya, amalume."

"M'nyumba. Muli awiriwiri."

"Nanga cholakwika n'chiyani? Si nyimbo yawo yomwe?"

Ndinatembenuza ng'oma kuti chikopa chisapse.

Achemwali ananena zoona. Dzulo lake ndinaimbira mwanayo ndi anzake a filimu ng'oma ya pamowa. Ndinachita dala. Ikanakhala yeniyeniyo, mwanayu akanaitsegula pamaso pa mayi ake, chitseko chili chotseka, popanda munthu wodziwa chochita.

Tinali kugombe la Chilwa, mbali ya kwathu ku Phalombe. Unali mwezi wa Okutobala, madzi atathawira kutali. Pamene mabwato ankakocheza panali matope ouma, ong'ambikang'ambika. Mwana wa achemwaliyo anaphunzira ku Zomba, amakhala ku Blantyre, ntchito yake ndi yopanga mafilimu. Anabwera ndi anzake awiri: bambo wandevu wa kamera ndi mayi wina wa mawu, wonyamula maikolofoni pa ndodo yaitali, makutu atatseka ndi mahedifoni.

Filimu yake sinali ngati zimene timaonera ku Chiringa. Munalibe ndewu, munalibe chikondi, munalibe wolankhula. Anaika mpando wopanda munthu pakati pa matope. Iye ankayenda pang'onopang'ono kuuzungulira, akukoka ukonde, kenaka n'kugwa. Akagwa, wa kamera ankati abwereze. Ankadzuka, n'kugwanso. Nthawi zina wa kamerayo ankagona chafufumimba, n'kumajambula mapazi okha. Ndinamufunsa mwanayo kuti chimenechi n'chiyani. Anati si nantongwe, matenda a mizimu aja, ayi, koma chimene nantongwe imasiya m'thupi la mwana wobadwa kwa munthu amene inamugwira. Sindinamve zonse. Koma kugwa ankagwa bwino, zimenezo sindikana. Ndinavomera kumuimbira ng'oma chifukwa ndi mwana wa m'mbumba mwanga. Ndinali ndisanadziwe kuti akufuna ng'oma iti.

Achemwali ndi akulu kwa ine. Anadwala ndili mnyamata wosakwatira, mwana wawo woyamba atangomwalira. Anasiya kudya. Ankakhala pakhonde kuyang'ana phiri la Michesi, ukawalankhula ngati ukulankhula ndi mtondo. Masiku ena ankanyamuka n'kumangoyenda. Tinkakawapeza m'minda ya nandolo ya eni ake, mapazi ali magazi okhaokha. Kuchipatala tinapita, mapiritsi anamwa. Kutchalitchi anawapempherera. Kenaka amayi athu anati ndi nantongwe, mizimu imene imagwira ife Alomwe, ndipo anakaitana mayi wina sing'anga wa ku Jenala.

Kachitidwe kake n'kotere. Wodwala amakhala pamphasa, atamufunditsa nsalu. A ng'oma amayesa nyimbo imodziimodzi. Zambiri zimangodutsa. Koma ilipo imodzi imene mzimu wa munthuyo umaiyankha. Ikafika imeneyo, phewa limayamba kugwedezeka, kenaka thupi lonse. Pamenepo ng'oma sisiyidwa pakati. Umaimba mpaka mzimu utanena chimene ukufuna, sing'anga n'kumutsitsa munthuyo ndi mankhwala ndi ufa.

Ine ndinali pa ng'oma yaing'ono. Tinayesa nyimbo zambiri, nsalu ili zii. Dzanja langa lamanzere linatopa, linayamba kuchedwa, ng'oma n'kumamveka ngati ikutsimphina. Nsalu ija inagwedezeka. Sing'anga anandiloza ndi litchowa, nati, "Iwe, usasinthe."

Sindinasinthe. Achemwali anataya nsalu n'kuimirira. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo anali aamuna, Chilomwe chakale chimene iwo salankhula. Anathamangira kudambo. Amuna amphamvu analephera kuwagwira. Ife tinkawatsatira, ng'oma zili m'khwapa, osaleka kuimba. Anagwada pansi pa chitsamba n'kuyamba kukumba muzu ndi zala. Nthaka inali youma. Zikhadabo zinazuka, iwo osamva kanthu. Ndinaziona zikhadabozo zili padothi. Ndinkaimbabe.

Anachira. Sing'anga asanabwerere kwawo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Waipeza ndiwe. Usadzaiimbe pamene mwini wake angaimve, pokhapokha ine ndilipo."

Mayiyo anamwalira kalekale. Mnzanga wa ng'oma yaikulu anapita ku Mozambique, sanabwerenso. Ndinatsala ndekha woidziwa. Achemwali anaberekanso, ndiye mwana wa filimuyu. Amalima mpunga kudambo, amaimba kwaya ya amayi kutchalitchi. Ine zaka zonsezi kukakhala gule wa tchopa kapena ukwati wa ng'oma, ndinkawauza kuti akhale kunyumba. Ng'oma zimafanana. Woimba wina akhoza kutopa dzanja monga ndinatopera ine.

Ndiye m'mawa umenewo mwanayo anagwada pafupi ndi moto wanga. Dothi linali litayamba kuuma, likusweka m'zigongono.

"Amalume, ndikufuna yeniyeniyo."

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Amayi ako amagulitsa mpunga pa Chiringa. Pafupi ndi vidiyo sho. Sipika anaipachika panja, imayang'ana kumsika."

"Filimu iyi sidzafika ku vidiyo sho. Ndi yokaonetsa ku Blantyre, ku Lilongwe, mwina ndi kunja. Amaonera anthu ochepa, atakhala pamipando, ali chete."

"Maliro a m'mudzi muno ndinawaonera pafoni ya munthu wochokera ku Joni."

"Zimenezo n'zina."

"Chikalowa m'makina chalowa. Mawa chili m'mamemori, mkuja chikulira pa njinga ya kabaza. Makina sadziwa kuti amene akudutsayo ndi mwini nyimbo. Sadziwa kuyamba, sadziwa kutsitsa munthu."

Wa kamera anayang'ana kumwamba. "Madala, dzuwa likukwera. Likafika pamutu zithunzi zimayera mbuu. Tithandizeni."

"Lidzatulukanso mawa," ndinatero.

Mayi wa mawu anavula mahedifoni. Anali waulemu, ananditchula bambo. Anati akhoza kutenga pang'ono chabe, ndingoyamba, iye anena kuti basi, ndisiye.

"Imeneyi sisiyidwa pakati, mayi."

"Ngakhale palibe wodwala?"

"Sindinaiyesepo palibe wodwala. Sindiyesera pa inu."

Mwana wa achemwali anakhala pansi pamatopepo. Sanakweze mawu.

"Amalume, mukudziwa chimene ankanditchula pamjigo ndili mwana? Mwana wa amizimu. Ndikafunsa kunyumba, aliyense ankayang'ana kumbali. Wailesi ikaika ng'oma, inu mumadzuka n'kukazima. Ndakula m'nyumba imene muli chinthu chosatchulidwa. Anzanga a kutauni amati zimenezi ndi zaufiti, akutchalitchi amati ndi ziwanda. Ine ndikufuna ndiime pakati pake masana, anthu aone kuti si zamanyazi. Chinachiritsa amayi anga. Popanda ng'oma yanuyo ine sindikanabadwa."

Ananena zoona. Za pamjigozo sindinkazidziwa. Zinandipweteka.

"Si zamanyazi," ndinatero. "Ndi zoopsa. N'zosiyana."

"Mukamwalira, nyimboyi ipita nanu."

"Ndi bwino. Tikagona limodzi."

Anapukusa mutu. Anatenga foni m'chikwama n'kupita chapatali. Ine ndinaganiza kuti akuimbira anzake a ku Blantyre. Wa kamera anakhala pamthunzi wa bwato logadabuzika n'kumadya chinangwa chophika chimene ndinabweretsa. Anati n'chokoma kuposa cha kwawo. Ndinati kwawo ndi kuti. Anati ku Ndirande. Ndinati ku Ndirande kulibe chinangwa, kuli mafuta okazingira chinangwa. Anaseka. Sanali munthu woipa.

Dzuwa litakwera ndithu, ndinaona njinga ya kabaza ikubwera m'kanjira ka m'minda ya mpunga. Kumbuyo kunali mayi wa duku yoyera. Kakhalidwe kake ndinakadziwa ali patali. Anali achemwali.

Anatsika, anakonza chitenje, anapereka moni kwa alendo mmodzimmodzi. Ine anandisiyira kumapeto.

"Achimwene, mwana mukumunamiziranji?"

"Bwererani kunyumba, achemwali."

"Kunyumba kwanga kapena kwanu?"

"Kwanu."

"Ndiye ndibwerera nthawi imene ndafuna." Anayang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe, ukuoneka ngati nyumba yozira theka. Ukondewo wautenga kwa ndani? Ukununkha."

"Ndabwereka kwa asodzi, amayi."

"Ukabweze utachapa." Anatembenukiranso kwa ine. "Muimbireni."

"Ayi."

"Nyimboyo ndi yanu kapena yanga?"

"Ndi yanu. Manja ndi anga."

"Ukwati wa mwana wa msuweni wathu sindinapite chifukwa cha inu. Tchopa ndimangomva kwa anzanga kuti chaka chino anavina bwino. Ndakalamba ndikulambalala ng'oma ngati ndinaba. Ndinu mwini mbumba, sindikukana. Koma mutu uwu ndi wanga."

"Inu simunaone. Ine ndinaona."

"Inu munaona. Ine ndinali momwemo." Anatambasula manja, zala zimene zikhadabo zake zinamera zopindika. "Inu mumakumbukira izi. Ine ndimakumbukira kuti m'mawa mwake ndinamva njala. Ndinapempha phala. Ndinalira mwana wanga tsiku limenelo, koyamba. Inu mwasunga zoipa zokhazokha."

Zimenezi anali asanandiuzepo. Tinakhala zaka zonsezo makomo oyang'anana, osazikamba.

"Sing'anga kulibe," ndinatero. "Mukagwa akutsitsani ndani? Awa a kamerawa?"

Wa kamera anasiya kutafuna.

"Sindigwa."

"Mukudziwa bwanji?"

"Inu mukudziwa bwanji kuti ndigwa?"

Palibe ankadziwa. Kusiyana kwake kunali kwakuti iwo akalakwitsa, wothamanga pamsika zovala zili mbwee ndi iwowo, amayi a kwaya akuonerera, ana akujambula pa mafoni. Ine ndikalakwitsa, chotayika ndi nyimbo chabe.

"Iwe," anatero achemwali, ulemu atauika pambali. "Ndinakubereka kumsana ine, ukundikodzera. Lero ukundiuza chimene makutu anga angamve?"

"Kodzerani kumsana kwanga, tifanane. Koma ng'oma siilira."

Mayi wa mawu anabisa kuseka. Achemwali sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayenda kupita pampando uja unali pakati pa matope, n'kukhalapo.

"Mayi inu, bweretsani ndodo yanuyo kuno."

Mayiyo anayang'ana ine, kenaka mwana wa achemwali. Mwanayo anazengereza.

"Amayi, ngati amalume akuti..."

"Wandiitana wekha. Tsopano ukuopa? Bweretsani."

Anaibweretsa. Wa kamera anadzuka, anapukuta manja pa buluku, n'kunyamula kamera yake.

Achemwali anayamba kuwomba m'manja. Pang'onopang'ono. Inali yomweyo. Kutsimphina kuja kunali pamalo pake, dzanja lamanzere likuchedwa monga linachedwera langa. Ine ndinkayesa ndatsala ndekha woidziwa. Iwo anali nayo nthawi yonseyi, kumunda, kutchalitchi, pamsika. Anayamba kuimba chapansipansi m'Chilomwe, mawu awoawo, aakazi.

Ndinasiya ng'oma pansi. Ndinapita kukaima kumbuyo kwa mpandowo, pafupi moti ndikanatha kuwagwira. Wa kamera anandikupiza dzanja kuti ndichoke, ndikuoneka. Sindinasunthe. Anakupizanso. Ndinamuyang'ana. Anasiya.

Maso anga anali paphewa lawo lamanzere. Ndi limene linayamba tsiku lija. M'mutu ndinkawerengera zochita: ndiwagwira m'chiuno, ndiwagwetsera pansi, ndiwakhalira mpaka zitadutsa. Mankhwala ndinalibe. Ufa ndinalibe. Ndinali ndi mikono yokha, ndipo mikono ya amuna amphamvu kuposa ine inalephera kale.

Mwanayo sanazungulire mpando monga ankachitira. Anaima patsogolo pa mayi ake, ukonde uli pansi. Kenaka phazi limodzi linayamba kutsatira manjawo, linalo likuchedwa. Anavina pamalo amodzi. Misozi inalemba mizere padothi la kumaso. Sanagwe, ndipo wa kamera sananene kuti abwereze.

Phewa linagwedezeka kamodzi. Ndinaliona. Achemwali amati inali ntchentche. Kugombe ntchentche n'zambiri, zimenezo n'zoona. Dzanja langa linali litafika kale pamsana pawo. Anapitiriza kuwomba, osatembenuka, mpaka nyimbo inafika pothera pake. Anaimaliza bwinobwino, sanaisiye pakati.

Patali asodzi ankakankha bwato m'matope kulondola madzi.

Achemwali anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Anatembenuza mutu.

"Chotsani dzanjalo. Mwaona?"

Ndinalichotsa.

Filimuyo inatuluka chaka chotsatira. Sindinaionere. Akuti manja a achemwali alimo, ndi ine ndilimo, nditaima kumbuyo kwa mpando ngati mlonda wa pasitolo. Akuti anthu a kutauni amafunsa kuti bambo wokwiyayo akuimira chiyani. Ng'oma yanga mulibe. Achemwali mpaka lero amati ndinalakwa, ine ndimati ayi. Ku tchopa anayamba kupita, sandifunsanso. Ndikamva kuti apita, nanenso ndimapita, n'kukaima pamene ndingawaone. Sitikambirana.

Koma tsiku limenelo nkhani inali isanathe. Mwanayo anabwera kwa ine akupuma mofulumira, mahedifoni ali m'manja.

"Amalume, mwaona nokha. Palibe chachitika. Tsopano valani awa, mumve manja a amayi, muike ng'oma pamwamba pake. Amayi apita kutali uko, kuminda, samva kanthu."

"Sindipita kutali ine," anatero achemwali ali pampando. "Aimbe ndili pompano."

"Madala, kamodzi kokha," anatero wa kamera. "Kuwala kukadalipo."

Onse ankandiyang'ana. Ndinali ndi mawu. Ndikanati manja si ng'oma. Manja amalowa m'khutu n'kutuluka. Ng'oma imadzera pansi, imakwera m'miyendo, imakafika pachifuwa munthu asanaganize. Ndikanati phewa ndaliona. Ndikanati mayi wa ku Jenala sananene kuti pakapita zaka lamulo latha. Koma zonsezi akanaziyankha. Achemwali ali ndi pakamwa, mwana wawo anatengera komweko, ndipo mwina mbali ina akanakhala olondola. Ine sindinkafuna kupambana mkangano. Ndinkafuna ng'oma imeneyo isalowe m'makina, basi.

Mwanayo anatambasula dzanja kundipatsa mahedifoni. Sindinalandire. Ndinatola ng'oma, ndinaikulunga m'thumba, n'kuimanga ndi mphira pakaliyala ya njinga yanga. Ndinamanga mosafulumira, mfundo zolimba.

"Amalume."

"Musiye," anatero achemwali. Kenaka anakweza mawu. "Achimwene, ndiye mukupita osatsanzika alendo?"

Matope anali okumbikakumbika, osati okwerapo njinga. Ndinaigwira pa mahandulo n'kuyamba kuikankha kulowera kuminda ya mpunga.